ZA UMOYO M'BANJA: Walira Mvula, Walira Matope



Makolo athu anati walira mvula walira matope. Mlimi wa ku Ntaja kapena wa ku Utale akamayang'ana kumwamba m'mwezi wa Novembala, amadziwa kuti mvula imene akuiyembekezerayo ndi yomweyo imene idzakokolola mizere ndi kudula msewu. Komabe sanena kuti mvula isagwe. Chimene amachita ndi kufolera denga ndi kukumba ngalande mvulayo isanafike.

Mankhwala amphamvu ali chimodzimodzi. M'kope lino tikambirana za mankhwala otchedwa natalizumab, amene amagulitsidwa ndi dzina loti Tysabri, ndi ena a mtundu womwewo. Mankhwalawa amaperekedwa kwa odwala matenda a ubongo ndi msana otchedwa multiple sclerosis, kapena MS mwachidule. Ena anena kuti matenda amenewa ndi achilendo kuno kwathu, nanga tikutayiranji nthawi? Zifukwa zilipo zitatu. Choyamba, mabanja ambiri a ku Machinga ndi ku Balaka ali ndi ana ku Joni ndi kumaiko ena kumene mankhwalawa amaperekedwa. Chachiwiri, amodzi mwa mankhwala a mtunduwu anagwiritsidwapo kale ntchito m'dziko muno pa matenda ena. Chachitatu, mbiri ya mankhwalawa ili ndi phunziro kwa aliyense amene amameza piritsi kapena kubayitsa jakisoni.

Matendawa ndi otani?

Mu ubongo ndi mumsana wa munthu muli minyewa imene imatenga mauthenga kupita nawo ku maso, ku manja, ku miyendo ndi ku ziwalo zina zonse. Mnyewa uliwonse uli ngati waya wa magetsi, ndipo monga waya uja amakutidwa ndi pulasitiki, nawonso mnyewa uli ndi chokutira chake. Makoswe akateketa pulasitiki wa waya, magetsi amayamba kuthimathima. Pa matenda a MS, amene amateketa chokutira cha minyewa si makoswe ayi, komanso si kachirombo kochokera kunja. Ndi asirikali a m'thupi mwa munthu yemweyo, aja amene ntchito yawo ndi kumuteteza ku matenda. Amasokonezeka mutu, nalowa mu ubongo ndi mumsana, n'kuyamba kumenyana ndi mwini wawo.

Pamalo pamene achita nkhondoyo pamatsala chipsera, ndipo uthenga sudutsa bwino. Wodwala amatha kuona diso limodzi likuchita chidima ndi kupweteka akalitembenuza, kapena kumva dzanzi m'miyendo, kudzandira poyenda, kuona zinthu ziwiriziwiri, kulephera kusunga mkodzo, ndi kutopa kosadziwika bwino. Kwa odwala ambiri, pafupifupi 85 mwa 100 alionse, matendawa amayamba mobwera ndi kupita. Munthu amagwidwa kwa masabata angapo, n'kupeza bwino, kenaka pakapita miyezi kapena zaka n'kugwidwanso pamalo ena. Kugwidwa kulikonse kungathe kusiya chilema pang'ono, ndipo zilemazo zikaunjikana, ena amafika posayenda. Kutentha kumakulitsa zizindikiro kwa kanthawi, kotero kuti wodwala MS angavutike koposa ndi dzuwa la mu Okutobala ngati la ku Liwonde.

Dotolo wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, ndiye anafotokoza matendawa momveka bwino mu 1868. Kalembera wa mu 2020 anapeza kuti anthu pafupifupi 2.8 miliyoni pa dziko lonse anali ndi MS. Kawirikawiri matendawa amaonekera munthu ali ndi zaka pakati pa 20 ndi 40, ndipo amagwira amayi kuwirikiza kawiri kapena kuposerapo poyerekeza ndi abambo. Mwa njira ina, amagwira munthu pa msinkhu umene akulera ana ndi kudyetsa banja. MS sapatsirana, ndipo si kulodzedwa. Mayi wodwala MS angathe kukwatiwa ndi kubereka, bola akambirane ndi dotolo za mankhwala ake asanatenge pathupi.

Kodi kuno kwathu aliko?

Matenda a MS ndi ofala kumaiko ozizira monga Canada, Scotland ndi Sweden. Dotolo wina, Geoffrey Dean, atafufuza ku South Africa, analemba mu 1967 kuti matendawa ankapezeka kwambiri mwa azungu amene anabwera kuchokera ku Ulaya atakula kale, ndipo anali osowa mwa anthu akuda. Mpaka lero MS amapezeka mwa apo ndi apo kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Koma kusowa sikutanthauza kuti kulibiretu. Kuti dotolo atsimikize MS amafuna makina a MRI ojambula ubongo ndi msana, ndipo makina oyamba otere m'Malawi anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008. Pamene palibe chounikira, nthenda imatha kukhalapo osaonedwa.

Komabe tichenjezane. Munthu wa ku Chikweo kapena wa ku Kalembo akafooka miyendo, MS si chinthu choyamba chimene dotolo angaganizire. Pali matenda ena ofala kwambiri amene amapereka zizindikiro zofanana. Pali TB ya mafupa a msana. Pali sitiroko, imene nthawi zambiri imadza kamba ka kuthamanga kwa magazi. Pali matenda amene amadza chitetezo chikatsika ndi HIV. Palinso likodzo, limene anthu a m'mbali mwa nyanja za Chilwa, Chiuta ndi Malombe komanso mtsinje wa Shire amalidziwa ngati nthenda ya kukodza magazi basi, koma mazira ake amatha kukafika mumsana ndi kupuwalitsa miyendo m'masiku ochepa. Ambiri mwa matenda amenewa ali ndi mankhwala ake m'zipatala zathu, ndipo amachizika munthu akafulumira.

Pali nthenda inanso yofanana kwambiri ndi MS, yotchedwa matenda a Devic, imene imagwira minyewa ya maso ndi msana, ndipo imakonda anthu akuda kuposa azungu. Kuyambira mu 2004 pali njira yoyezera magazi yoisiyanitsa ndi MS. Kusiyanitsaku n'kofunika zedi, chifukwa natalizumab amene amathandiza wodwala MS angathe kukulitsa matenda a Devic. Apa pali phunziro loyamba: mankhwala abwino akaperekedwa pa nthenda yolakwika amasanduka poizoni.

Mankhwala a antibody

Thupi likalowedwa ndi kachirombo, asirikali ake amapanga zida zing'onozing'ono zotchedwa antibody. Chida chilichonse chili ngati kiyi wotsegula loko mmodzi yekha: chimakakamira pa chinthu chimodzi chokha chimene chinapangidwira. Mu 1975, akatswiri awiri a ku Cambridge, Georges Köhler ndi César Milstein, anapeza njira yopangira zida zimenezi kunja kwa thupi, zambirimbiri, zonse zofanana, zolunjika pa chinthu chimene munthu wasankha. Ntchito imeneyi inawapatsa mphoto ya Nobel mu 1984. Mukaona dzina la mankhwala likuthera ndi zilembo zoti mab, dziwani kuti ndi a mtundu umenewu.

Natalizumab amagwira ntchito motere. Kuti asirikali a m'thupi atuluke m'magazi ndi kulowa mu ubongo, amayamba agwira khoma la mtsempha wa magazi ndi timbedza timene tili pa khungu lawo. Natalizumab amakakamira pa timbedzato n'kutiphimba. Asirikali aja amangodutsa ndi magazi, osatha kugwira khoma, osatha kulowa. Zili ngati mwini nyumba amene alonda ake apenga ndipo akuphwanya katundu, ndiye wawatsekera kunja kwa mpanda. Mankhwalawa amaperekedwa kuchipatala, kawirikawiri kudzera mu diripi, mamiligalamu 300 pa masabata 4 alionse.

Mvula yake

Ubwino wa mankhwalawa unaonekera pa kafukufuku wamkulu wa odwala 942, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2006. Odwalawo anagawidwa pawiri: ena ankalandira natalizumab, ena ankalandira diripi yopanda mankhwala. Kugwidwa ndi matenda kunatsika ndi 68 pa 100 alionse. Kunena kwina, pamene gulu losalandira mankhwala linkagwidwa ka 100, gulu lolandira mankhwala linkagwidwa ka 32 kokha. Patatha zaka ziwiri, chilema chinali chitakula mwa odwala 29 pa 100 alionse osalandira mankhwala, koma mwa 17 okha pa 100 alionse olandira mankhwala.

Manambala amenewa tisawaone ngati masamu a kusukulu. Kumbuyo kwake kuli mayi amene akupitiriza kuphikira ana ake ataima ndi miyendo yake, ndi mnyamata amene sanasiye ntchito. Mankhwala amene analipo kale ankachepetsa kugwidwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu basi. N'chifukwa chake bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linafulumira kuwavomereza mu Novembala 2004, kafukufuku uja asanathe n'komwe, pongoona zotsatira za chaka choyamba.

Tinene poyera kuti natalizumab sachiritsa MS. Amaletsa nkhondo yatsopano, koma zipsera zakale sazifafaniza.

Matope ake

Patangopita miyezi itatu, pa 28 Febuluwale 2005, makampani awiri amene ankapanga mankhwalawa nthawi imeneyo, Biogen Idec ndi Elan, anaimitsa kugulitsa kwake. Odwala ena amene anali pa kafukufuku anali atagwidwa ndi nthenda yoopsa ya ubongo yotchedwa PML. Onse pamodzi anapezeka atatu mwa anthu pafupifupi 3,000 amene analandira mankhwalawa pa kafukufuku wosiyanasiyana, ndipo awiri mwa atatuwo anamwalira.

Kodi chinachitika n'chiyani? Pali kachirombo kena kotchedwa JC, kamene kanatulukiridwa mu 1971. Pafupifupi theka la anthu akuluakulu ali nako, ndipo ambiri anakatenga ali ana osadziwa. Kamakhala phee mu impso, osavutitsa munthu moyo wake wonse, chifukwa asirikali a m'thupi amakayang'anira. Koma asirikaliwo akachepa kapena akatsekeredwa kunja, kachiromboka kamatha kuswana mu ubongo ndi kupha maselo amene amapanga chokutira cha minyewa chija. Mwini nyumba uja anatsekera kunja alonda openga, koma sanadziwe kuti mbala inali itabisala kale m'kati mwa mpanda.

Nthenda ya PML si yachilendo kwa madotolo amene anasamalira odwala Edzi ma ARV asanabwere, pakuti imagwira anthu amene chitetezo chawo chatsikiratu. Palibe mankhwala opha kachirombo ka JC. Chithandizo chake ndi kubwezeretsa chitetezo cha m'thupi: kwa wodwala HIV, kumupatsa ma ARV, kwa wodwala MS, kusiya natalizumab msanga, ndipo nthawi zina kusefa magazi kuti mankhwalawo atuluke. Mwa odwala MS amene anagwidwa ndi PML kamba ka natalizumab, pafupifupi mmodzi mwa 4 kapena 5 alionse anamwalira, ndipo ambiri mwa opulumuka anatsala ndi chilema.

Kukumba ngalande

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yathu. Akuluakulu a zaumoyo anali ndi njira ziwiri zapafupi. Akanatha kutaya mankhwalawo mpaka kalekale, ndi kusiya anthu zikwizikwi akulumala. Akanathanso kutseka maso n'kupitiriza kugulitsa ngati palibe chachitika. Sanatsate njira iliyonse mwa ziwirizi. Anaunikanso odwala oposa 3,000 amene anali atalandira mankhwalawa, anamva maganizo a madotolo ndi a odwala eni ake, ndipo mu Juni 2006 analola kuti mankhwalawa abwerenso, koma ndi malamulo okhwima. Ku America, wodwala aliyense, dotolo wake ndi malo operekera diripi ayenera kulembetsa m'kaundula wapadera, ndipo wodwala amafunsidwa za zizindikiro zatsopano asanalandire diripi iliyonse.

Kaundula wotereyu anathandiza kudziwa amene ali pa chiopsezo chachikulu. Pofika mu 2012 zinthu zitatu zinali zitadziwika. Choyamba, kodi magazi a wodwala akuonetsa kuti anakumanapo ndi kachirombo ka JC? Chachiwiri, kodi walandira natalizumab kwa zaka zoposa 2? Chachitatu, kodi analandirapo kale mankhwala ena otsitsa chitetezo? Kwa munthu amene magazi ake saonetsa kachiromboka, chiopsezo chinapezeka kuti sichifika mmodzi mwa anthu 10,000. Kwa munthu amene ali ndi zinthu zonse zitatu, chinali pafupifupi 11 mwa anthu 1,000. Taonani kusiyanako: mankhwala omwewo, mlingo womwewo, koma wina ali pa chiopsezo choposa mnzake ka 100.

Lero dotolo wodziwa ntchito yake amayeza magazi a wodwala asanayambe mankhwalawa, n'kumabwereza kuyezako pa miyezi 6 iliyonse, chifukwa munthu angathe kutenga kachiromboka nthawi ina iliyonse. Amajambulanso ubongo ndi MRI nthawi ndi nthawi kuti aone PML isanayambe kuonetsa zizindikiro. Kwa odwala ena amatalikitsa diripi kuti izibwera pa masabata 6 m'malo mwa 4, popeza kafukufuku waonetsa kuti kutero kumachepetsa chiopsezo cha PML. Chiopsezocho chikakula, amamusamutsira wodwala ku mankhwala ena. Kusamutsako kumafunanso luso, pakuti munthu akangosiya natalizumab popanda cholowa m'malo, MS amatha kubwerera ndi ukali pakapita miyezi yowerengeka.

Si mankhwala onse amene anapulumuka chomwechi. Ena a mtundu wa antibody otchedwa daclizumab anavomerezedwa pa matenda a MS mu 2016, koma anachotsedwa pa msika mu Malichi 2018 odwala ena atatupa ubongo, ndipo sanabwerenso. Pamenepo matope anaposa mvula.

Rituximab ndi chiwindi chathu

Natalizumab ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo amafuna MRI ndi zoyezera zimene sizipezeka pafupi. Mankhwala a antibody amene ali pafupi ndi ife ndi ena, otchedwa rituximab. Anavomerezedwa koyamba mu 1997 pa khansa ya m'mwanabere yotchedwa lymphoma, ndipo madotolo a pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe anawayesa pa odwala khansa imeneyi, zotsatira zake n'kusindikizidwa mu 2021. Rituximab satseka mpanda ngati natalizumab. Iwo amachotsa m'magazi gulu limodzi la asirikali, lotchedwa maselo a B, limene limasonkhezera nkhondo ya MS. Kwa wodwala MS diripi yake imabwera pafupifupi pa miyezi 6 iliyonse, ndipo madotolo a ku Sweden awagwiritsa ntchito kwa odwala ambiri. Amathandizanso pa matenda a Devic aja. Mu Julayi 2023 bungwe la WHO linaika kwa nthawi yoyamba mankhwala a MS pa mndandanda wa mankhwala ofunika amene dziko lililonse liyenera kuyesetsa kukhala nawo. Anali atatu: cladribine, glatiramer acetate ndi rituximab.

Nawonso rituximab ali ndi matope awo, ndipo matope amenewa akutikhudza ife mwachindunji. Kachirombo ka matenda a chiwindi ka hepatitis B kamatha kugona m'chiwindi zaka zambiri munthu osadziwa. Rituximab akachotsa asirikali aja, kamadzuka n'kuononga chiwindi, mwina mpaka kupha. Mu 2013 bungwe la FDA linaika chenjezo lamphamvu pa nkhani imeneyi. Kafukufuku wa m'Malawi wapeza kuti pakati pa anthu 5 ndi 8 mwa akuluakulu 100 alionse ali ndi kachiromboka. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'dziko muno mu 2002, kotero ambiri amene anabadwa chaka chimenecho chisanafike sanabayidwe. Nkhani yabwino ndi yoti kuyeza hepatitis B n'kosavuta, ndipo wopezeka nako amapatsidwa mapiritsi oteteza chiwindi asanayambe rituximab. Kuno kwathu dotolo adzafunanso kudziwa za HIV ndi TB asanapereke mankhwala alionse otsitsa chitetezo. Wolandira rituximab amagwidwa msanga ndi matenda ena monga chibayo, akatemera sagwira bwino ntchito m'thupi mwake, ndipo diripi yoyamba imatha kumuchititsa kutentha thupi, zidzolo kapena kubanika, n'chifukwa chake imaperekedwa pang'onopang'ono anamwino akuyang'anira.

Ifenso tinaziona

Tisaganize kuti nkhani ya mvula ndi matope ndi ya ku America kokha. Chaka chomwecho cha 2004, boma la Malawi linayamba kupereka ma ARV aulere m'zipatala zake. Piritsi la nthawi imeneyo, limene ambiri amalikumbukira ndi dzina loti Triomune, linali ndi mankhwala atatu, ndipo amodzi mwa iwo anali stavudine. Tonse tikukumbukira anthu amene anali gone pa mphasa, achibale atataya mtima, koma anadzuka n'kubwerera kumunda. Tikukumbukiranso kuti patapita nthawi ena anayamba kumva dzanzi ndi moto m'mapazi, ena masaya n'kuphwa. Amenewo anali matope a stavudine.

Anthu amene anataya mapiritsi poopa kuphwa masaya, ambiri a iwo tinawaika m'manda. Amene anapirira osanena kanthu, ena anatsala ndi mapazi owonongeka. Anapindula ndi amene anabwerera kuchipatala n'kukanena, chifukwa anasinthidwa mankhwala. Madandaulo otero atachuluka m'maiko ambiri, stavudine anachotsedwa. Malawi anayamba kupereka mankhwala a tenofovir kwa amayi apakati mu 2011, anasintha odwala ena onse kuyambira mu 2013, ndipo mu 2019 kunabwera dolutegravir. Njira imene inapulumutsa natalizumab ndi yomweyo imene inakonza ma ARV athu: kuyeza, kuyang'anira ndi kunena.

Zoyenera kuchita banja

Wachibale akafooka mwendo kapena mkono, akasiya kuona bwino ndi diso limodzi, kapena akalephera kukodza, tisadikire kuti tione mawa, ndipo tisataye masabata tikufunafuna amene wamulodza. Tipite naye kuchipatala chaching'ono chimene tili nacho pafupi tsiku lomwelo. Kuchokera kumeneko angatumizidwe ku chipatala cha boma cha Machinga chimene chili ku Liwonde, kapena cha Balaka, ndipo pakafunika kutero, ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth. Mnyewa ukapanikizika nthawi yaitali suchira, kotero tsiku lililonse ndi la mtengo wapatali. Timuuze dotolo ngati wodwalayo amasamba, kuchapa kapena kuwedza m'nyanja ndi mumtsinje.

Ngati mwana wathu kapena mlongo wathu, kuno kapena kunja, wauzidwa kuti ayambe mankhwala a antibody, timulimbikitse kufunsa. Paja safunsa anadya phula. Mafunso ake ndi awa:

1. Kodi mwatsimikiza bwanji kuti ndi MS, osati matenda a Devic kapena ena?

2. Kodi mankhwalawa andithandiza motani, ndipo ndikapanda kuwalandira chingachitike n'chiyani?

3. Kodi mwandiyeza kachirombo ka JC, hepatitis B, HIV ndi TB?

4. Kodi mudzandiyezanso liti, ndipo ndi zizindikiro ziti zimene ndiyenera kuthamangira nazo kuno?

5. Ngati ndikufuna kutenga pathupi, kapena kubwerera kumudzi kumene mankhwalawa kulibe, tichite bwanji?

Funso lachisanuli ndi lofunika kwa abale athu a ku Joni. Munthu amene ali pa natalizumab asangokwera basi kubwerera kumudzi kwa miyezi yambiri osapangana ndi dotolo wake. Atenge kalata yofotokoza matenda ake ndi mankhwala onse amene walandira, chifukwa mphamvu ya mankhwalawa imakhalabe m'thupi kwa miyezi ingapo, ndipo dotolo wa ku Liwonde kapena ku Balaka ayenera kudziwa zimenezi asanamuchize nthenda ina iliyonse.

Banja lili ndi ntchito imene makina a MRI sangaigwire. PML kawirikawiri imayamba mwakachetechete: munthu amasintha khalidwe, amaiwalaiwala, mawu amatuluka mokokeka, mbali imodzi ya thupi imafooka, ndipo zinthu zimaipiraipira sabata ndi sabata. Wodwalayo mwina sadziona yekha kuti wasintha. Amene amayamba kuona ndi mkazi wake, mwamuna wake kapena mayi ake. Tikaona zotere tisanene kuti ndi kutopa chabe. Timuuze dotolo diripi yotsatira isanaperekedwe. Chimodzimodzinso kwa wolandira rituximab: maso akachita chikasu, mkodzo ukada, kapena thupi likatentha, ndi ulendo wa kuchipatala.

Tichenjerenso ndi ochita malonda. Mankhwala a antibody amasungidwa mu firiji ndipo amaperekedwa ndi achipatala okha. Munthu akabwera ndi botolo m'chikwama, kapena akalengeza pa WhatsApp kuti ali ndi mankhwala ochiritsiratu kufa kwa ziwalo opanda vuto lina lililonse, ameneyo akufuna ndalama zathu. Mankhwala enieni amabwera ndi chenjezo lake. Amene amalonjeza mvula yopanda matope ndi wabodza.

Pomaliza, mankhwala alionse akatichitira zachilendo m'thupi, kaya ndi a malungo, a BP, a TB kapena ma ARV, tisawataye mwakachetechete komanso tisapirire mwakachetechete. Tikanene kwa achipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu. Achipatala ali ndi njira yotumizira malipoti otere ku bungwe la boma loyang'anira mankhwala, la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Odwala atatu okha ndiwo anachititsa kuti dziko lonse liunikenso natalizumab, chifukwa madotolo awo sanabise zimene anaona. Lipoti lochokera ku Nsanama kapena ku Phalula lingathe kuteteza anthu amene sitidzawaona n'komwe.

Tikumanenso m'kope likudzali, Insha Allah. Musunge bwino mabuku anu a kuchipatala, ndipo muwatenge nthawi zonse popita kukaonana ndi dotolo.